Mwandifunsa nkhani yoti muwauze antchito anu

Lachiwiri lapitali ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amayang'anira ofesi ya bungwe lina ku Ntcheu. Akuluakulu awo ku Lilongwe agamula kuti ofesiyo iphatikizidwe ndi ina, ntchito zina zisinthe, ndipo antchito ena achotsedwe. Kumaphunziro kumene anapita anauzidwa kuti mtsogoleri wanzeru amatembenuza mitima ya anthu ndi nkhani, osati ndi manambala. Ndiye akufunsa kuti: "Ndiwauze nkhani yanji kuti alandire zimenezi ndi mtima umodzi?"

Achemwali anga, imelo yanu ndaiwerenga katatu, ndipo usiku umenewo tulo tinandivuta. Funso lanu si lolakwika ayi. Kungoti ineyo ndinadzifunsapo funso lomweli, ndipo yankho limene ndinapeza nthawi imeneyo limandiwawabe mumtima mpaka lero. Mundilole ndidzere kwathu kaye, pa zanuzo ndifikapo.

Ndinakulira kufupi ndi Bembeke, kumene mwezi wa Juni chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Madzulo tinkazungulira moto m'khitchini mwa agogo anga aakazi, kachewere ali m'phulusa. Iwo akati "Padangokhala," ife tonse tinkayankha kuti "Tili tonse." Aliyense wokulira kumudzi amazidziwa zimenezi. Chimene ndinadzazindikira nditakula n'chakuti yankho lija silinali mwambo chabe. Agogo ankamvetsera mmene tikuyankhira. Mawu akayamba kuchepa, wina wayamba kusinza, wina maso ali pa kachewere, ankayambitsa nyimbo, kapena ankaima n'kufunsa kuti, "Nanga iwe ukanakhala kalulu ukanatani pamenepa?" Tikakhala chete osayankha, ankalekera pomwepo, ngakhale nthano ili pakati. Ankati sakambira makoma. Ankayamba ndi iwo, koma nthano inkayenda ndi miyendo yathu.

Patapita zaka zambiri ndinapatsidwa udindo wa manijala wa koparetivi ya alimi a kachewere ndi nyemba konkuno ku Dedza. Nthawi imeneyo mlimi aliyense ankagulitsa yekha, kaya kwa mavenda obwera ndi malole kuchokera ku Lilongwe ndi Blantyre, kaya m'mphepete mwa msewu wa M1, ndipo muyeso unali ndowa yodzaza mpaka mulu. Zinthu zinali zitathina. Mu Meyi 2012 kwacha inagwa, dola imodzi kuchoka pa K168 kufika pa K250, ndipo feteleza ndi mankhwala opopera zinakwera mtengo pomwepo, pamene ndowa ya kachewere inangokhala pamene inali. Ine ndi komiti tinagwirizana zinthu zitatu: kachewere azisonkhanitsidwa mu shedi imodzi kuti tizigulitsa pamodzi, tiziyeza pa sikelo m'malo mwa ndowa, ndipo ndalama zizipita pa foni. Airtel Money ndi Mpamba zinali zikadali zachilendo kumidzi masiku amenewo.

Ndinaitanitsa msonkhano wa mamembala. Ndinamata mapepala aakulu pakhoma la tchalitchi chimene tinabwereka, n'kulemba manambala ooneka bwino: mtengo wa venda uwu, mtengo wa tonse pamodzi uwu, phindu lake ili. Ndinalankhula ola lathunthu. Nditafunsa ngati pali funso, kunali zii. A tcheyamani anaimirira n'kunena kuti, "Tamva, amanijala." Anthu anawomba m'manja, tinapemphera, tinabalalika. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Patatha masabata atatu, kukumba kuli mkati, mu shedi munali matumba owerengeka ndi zala, ndipo onsewo anali a anthu a m'komiti. Malole a mavenda ankadzaza monga mwa masiku onse.

Achemwali, inu ndinu a kuno, mukudziwa kuti "tamva" satanthauza "tavomera". Anthu athu salimbana ndi mtsogoleri pagulu. Amakulemekeza, amakuwombera m'manja, kenako yankho lawo lenileni amakupatsa ndi mapazi. Ine zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ubwana, koma udindo unandiiwalitsa. Palibe mmodzi yemwe anati "tili tonse" tsiku lija, koma ine ndinapitirizabe kulankhula kwa ola lonse.

Amene ananditsegula maso anali kalaliki wathu, mtsikana wa m'mudzi momwemo. Tsiku lina tikutseka ofesi anati, "Amanijala, mukudziwa zimene zikukambidwa ku mjigo?" Kunali nkhani ziwiri. Ena ankati sikelo ndinaikonzeratu kuti izidya makilogalamu. Ena ankati ndalama za pa foni zimayamba zadzera mu foni yanga. Anandiuzanso kuti ndikacheze ndi mayi wina wachikulire, membala wakale, amene anthu ankamumvera kwambiri. Ndinawapeza kudimba akuthirira tomato. Sanafulumire. Anandifunsa za ana, za kwathu, za matenda a mayi anga, ndipo dzuwa litapendeka m'pamene anayamba. Zaka zambiri m'mbuyomo kunabwera anthu ovala bwino, ndi galimoto yolembedwa m'mbali. Analemba mayina, anasonkhanitsa nyemba za mudzi wonse, nati adzalipira akakagulitsa ku tauni. Sanabwerenso. Mayiwo anataya matumba awiri, amene anali fizi ya mwana wawo wosankhidwa kupita ku sekondale. Mwanayo sanapite. "Nawonso anali ndi sikelo, mwana wanga," anatero. "Nawonso ankalemba manambala pa pepala lalikulu."

Ndinakhala pansi pa mzere wa tomato osadziwa chonena. Ine ndinkaganiza kuti ndabweretsa chinthu chatsopano, pamene kwa iwo ndinali munthu wachiwiri kubwera ndi chinthu chakale chimene chinawaliza.

Apa mpamene ndikufuna mugwire kwambiri. Inu mukufunsa nkhani yoti mukawauze ngati kuti mu ofesi mwanumo mulibe nkhani. Ilimo kale. Inayamba tsiku limene galimoto ya ku likulu inaima panja ndipo munatseka chitseko. Dalaivala ali nayo, wosesa ali nayo, akazi ndi amuna a antchito anu ali nayo kunyumba, mwinanso mayina a ochotsedwa analembedwa kale m'mitu mwawo, olondola kapena olakwika. Pamene pali mantha ndipo mkulu wakhala chete, anthu sadikira, amadzipangira nkhani yawo, ndipo imathamanga kuposa kalata iliyonse. Kumbukirani 2017, mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu osalakwa anaphedwa. Akuluakulu ankatsutsa pa wailesi tsiku ndi tsiku, koma nkhani ya mnzako amene akuti anamva phokoso padenga usiku inali ndi mphamvu kuposa chilengezo. Ine sindikunyoza anthu amene anakhulupirira. Munthu wamantha amamvera amene wakhala naye pafupi.

Msonkhano wachiwiri sindinalankhule kwambiri. Msungichuma wathu, bambo wachikulire amene analima kachewere kuyambira ndisanabadwe, anapempha kuti ayambe iye. Anabwera ndi ndowa ziwiri. Imodzi inali ya kunyumba kwake. Inayo anaibwereka kwa venda, ndowa ija yokhomedwa pansi kuti ituluke mimba. Anayamba kufotokoza za chaka chimene mkazi wake anagonekedwa kuchipatala cha boma pa Dedza, mmene anakumbira munda wonse kachewere asanakhwime bwino, n'kugulitsa tsiku limodzi chifukwa cha thiransipoti ndi chakudya cha wodikirira. Akulankhula, anadzaza ndowa ya venda mpaka mulu. Kenako anakhuthulira mu ndowa yake. Itadzaza, kachewere wina anatsala, ndipo anamuthira pansi pamaso pa anthu. "Uyu," anatero, "ndi amene ndakhala ndikupereka ulere pa ndowa iliyonse kwa zaka zonsezi. Chaka chija uyu akanandigulira bulangete la mayi a kunyumba."

Tchalitchi chinatekeseka. Wina anati, "Zoona zimenezo!" Wina anaimirira osapatsidwa mwayi n'kunena zimene anamuchita pa Lizulu. Amayi kumbuyo anayamba kulankhula onse pamodzi. Ndinamva thupi langa likuchita tsemwe, chifukwa ndinazindikira phokoso limenelo. Linali "tili tonse" wa m'khitchini mwa agogo.

Koma musaganize kuti ndowa ija inathetsa zonse. Mayi wa kudimba uja anaimirira, n'kufotokoza za nyemba zake pamaso pa anthu onse, ine ndili pomwepo. Nkhani ziwirizi zinakumana, ndipo zonse zinali zoona. Tinakhala mpaka madzulo. Pomaliza, dongosolo limene ndinabwera nalo linasintha. Tinagwirizana kuti mlimi aziwerenga yekha sikelo, osati kalaliki. M'mawa uliwonse tiziyeza paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula, yogulidwa ndi membala osati ndi ofesi, kuti aliyense aone kuti sikelo sikunama. Osafuna foni alandire ndalama pamanja chaka choyamba. Thumba lisagone mu shedi kupitirira sabata mwini wake asanalandire kanthu. Mfundo ya shuga ija inachokera kwa mayi yemweyo. Chaka chimenecho shedi sinadzaze, koma sinalinso yopanda kanthu, ndipo chaka chotsatira tinachita kubwereka malo ena.

Zimenezi zimandikumbutsa za malimidwe, amene agogo anga aamuna ankawatchula mano atakukuta. Nthawi ya atsamunda, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, boma linalamula kuti anthu azilima mizere yopingasa ndi kukumba migula kuti nthaka isakokoloke. Wokana ankalipitsidwa, ena ankamangidwa. Kunena chilungamo, pa mapiri athuwa mizere yopingasa ndi nzeru, ndipo lero aliyense amalima choncho popanda womukakamiza. Koma inabwera ndi mesenjala ndi chindapusa, popanda wofunsa eni munda. Mu 1953, pamene Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inkakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, inauza anthu ake kuti asatsatire malamulo a malimidwe amenewo, ndipo atsamunda anaichotsa pa mpando. Chinthu chabwino chinasanduka chizindikiro cha ukapolo chifukwa cha mmene chinabwerera. Ndimaganizira zimenezi nthawi zonse ndikamva mkulu wa ntchito akudandaula kuti anthu ake ndi osafuna kusintha. Nthawi zambiri chimene anthu akukana ndi kunyozedwa.

Tsiku limene ndinanama

Mpaka pano ndakuuzani nkhani imene inatha bwino, ndipo ndikanatha kulekera pomwepa. Koma si imeneyi yandilepheretsa kugona.

Patadutsa zaka zingapo, thandizo limene tinkalandira kuchokera kwa otithandiza linatha. Antchito tinalipo 11, ndipo ndalama za koparetivi payokha zikanatha kulipira 7 basi. Komiti inakumana Lachisanu n'kugamula mayina anayi: alangizi awiri, dalaivala, ndi mlonda mmodzi. Makalata anayenera kutuluka kumapeto kwa mwezi. Inali nyengo yogula mbewu, ntchito ili pachimake, ndipo ndinaopa kuti ndikanena msanga anthu agwa ulesi, kapena katundu ayamba kusowa. Palibe amene anandikakamiza kubisa. Ndinasankha ndekha. Ndipo poti ndinali nditaona mphamvu ya nkhani pa ndowa ija, ndinaganiza zoigwiritsanso ntchito.

Lolemba ndinasonkhanitsa antchito onse. Ndinawafotokozera za ulendo wa Angoni a kwa Maseko, mmene anachokera kumwera pa nthawi ya nkhondo za Shaka, kuwoloka Zambezi, kuyenda mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania, kubwereranso, kukhala pa Domwe, mpaka kufalikira ku Ntcheu ndi ku Dedza kuno. Ndinalankhula bwino kwambiri tsiku limenelo. Ndinati makolo athu sanabwerere pa mtsinje, ndipo ifenso kutsogoloku kuli mtsinje, koma tiwoloka tonse. Mawu amenewo ndinawanena ndi pakamwa panga: tiwoloka tonse. Mlonda uja anali Mngoni weniweni wa ku Ntcheu, wovina ngoma, amene sankaphonya Umhlangano, mwambo wa pachaka wa Angoni a kwa Maseko, ku Nkolimbo. Anaimirira maso ali ndi misozi n'kunena kuti, "Amanijala, ife tili pambuyo panu." Dzina lake linali m'thumba la malaya anga pa nthawi imene ankanena zimenezo.

Patatha masabata atatu ndinamuitana mu ofesi n'kumupatsa kalata. Anaiwerenga pang'onopang'ono, n'kuipinda bwinobwino. Sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Bwana, tsiku lija la Zambezi munkadziwa?" Ndinati inde. Anakhala chete kanthawi. Kenako anandiuza kuti sabata yomwe ija anatenga ngongole ku banki m'khonde kugula malata a nyumba yake, podalira malipiro, ndiponso anakana ntchito ya ulonda pa chigayo china chifukwa anamva kuti tiwoloka tonse. "Mukanangondiuza, malata sindikanagula." Anangonena zimenezo basi, n'kutuluka, n'kutseka chitseko mosamala.

Achemwali, m'nkhani ija munalibe bodza la mbiri. Zonse za ulendo zinali zoona. Koma ndinatenga chinthu chopatulika cha munthu uja, mbiri ya makolo ake, n'kuchigwiritsa ntchito ngati nsalu yomuphimba kumaso kwa masabata atatu kuti matumba anga alowe mu shedi. Kumeneko ndi kuba. Ndinamubera nthawi yoti akonzekere. Ndipo asanu ndi awiri amene tinatsala sitinakhalenso chimodzimodzi. Ndikangoyamba kuti "ndikukumbukira tsiku lina," anzanga ankayang'ana pansi, ndipo ndinkadziwa kuti akudzifunsa kuti ulendo uno wachotsedwa ndani. Zinanditengera zaka ziwiri kuti ayambenso kumva mawu anga monga mawu chabe, opanda mbedza mkati.

N'chifukwa chake mawu anu akuti "alandire ndi mtima umodzi" anandibaya. Sangalandire ndi mtima umodzi, ndipo sayenera kutero. Munthu amene ntchito yake ikutha ndi munthu amene akukwezedwa sangakhale ndi mtima umodzi pa nkhani imeneyi. Mukafuna zimenezo, ndiye kuti mukufuna nkhani yogonetsa anthu, ndipo imeneyo ine sindingakupatseni.

Ndinene mosabisa za maphunziro amene munapitawo, chifukwa ndakhalapo pa ambiri oterowo m'mahotela a ku Salima ndi Mangochi. Mfundo yawo yaikulu ndi yoona: munthu amaiwala nambala koma amakumbukira nkhani, ndipo amakaifotokoza kunyumba. Chimene chimandikwiyitsa ndi zitsanzo zawo ndi cholinga chawo. Nthawi zonse amatchula Kodak, kampani ya ku America imene katswiri wake anapanga kamera ya digito mu 1975, koma inakakamira mafilimu mpaka inagwa mu 2012. Ndi nkhani yoona, ndipo kwa eni makampani ili ndi phunziro. Koma mukaiuza mlangizi wa ku Tsangano amene amayenda pa njinga yamoto m'matope kukafika kwa alimi, amene ali ndi ana atatu ku sekondale, mukumuuza chiyani? Mukumuuza kuti iyeyo ndiye filimu yakale. Ndipo ophunzitsawo sanena n'komwe za amene atsale kutsidya lino la mtsinje. Amalankhula za masomphenya, za ulendo, za tsogolo lowala. Amaphunzitsa akuluakulu kukometsa mawu kuti anthu asakane, ndipo amatcha zimenezo utsogoleri. Ife tinabadwira m'dziko la nthano, la miyambi pa bwalo la milandu, la mlaliki amene sangatsike pa guwa osapereka fanizo. Sitikufunika munthu wotiphunzitsa kukamba nkhani. Chimene chimatisowa tikakhala pa mpando ndi kulimba mtima konena mbali yowawa ya nkhaniyo.

Mukafuna chitsanzo cha mtsogoleri amene anasintha anthu, musapite kutali. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, kumunsi kwa phiri kuno, anagwira ntchito ya ulembi ku Zomba kwa zaka 27 asanaitanidwe kudzakhala mfumu mu 2003. Ankafotokoza kawirikawiri zimene anaona atabwerera kwawo: atsikana a zaka 12 atabereka ana kumbuyo, ana awoawo. Nkhani yake inali imeneyo, ya zimene maso ake anaona m'midzi yake yomwe. Koma sanalekere pa kulankhula. Anasainitsa mafumu ake 50 pangano lothetsa maukwati a ana, anaimitsa pa udindo amene anaphwanya panganolo, ndipo pofika 2016 anali atathetsa maukwati oposa 800 n'kubwezera ana kusukulu. Anthu ambiri anamuda, ena anamuopseza. Sanalonjeze aliyense kuti zikhala zokoma. Makolo amene ankataya chimene analandira kwa mkamwini ankadziwa bwino lomwe kuti akutaya. Nkhani yake inakhulupirika chifukwa zimene ankachita Lachitatu zinali zomwe ananena Lolemba.

Ndiye mutani?

Musanakonze nkhani iliyonse, tengani masiku awiri kapena atatu mumve imene ilipo kale. Khalani ndi dalaivala pa ulendo, ndi wosesa m'mawa, ndi munthu amene wakhalitsa kuposa onse, mufunse zimene zikukambidwa ndi zimene zinachitika ulendo watha pamene ofesi inasinthidwa. Kenako itanani onse munene zoona mosazungulira: chagamulidwa n'chiyani, chifukwa chake n'chiyani, ndi anthu angati, liti, ndi zimene inuyo simunauzidwe. Ngati mayina alipo kale, eni ake amve kwa inu, paokha, msonkhano usanachitike. Pitani ndi manambala a munthu aliyense. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000, monga linakonzedwanso mu 2010, limati wochotsedwa chifukwa chochepetsa antchito alandire malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira, masabata atatu pa chaka cha 6 mpaka 10, ndi masabata anayi kuyambira chaka cha 11, kuwonjezera pa notisi ya mwezi umodzi kwa olandira pa mwezi. Katsimikizeni ku ofesi ya zantchito pa boma musanalankhule. Zimenezi zikatha, m'pamene nkhani ili ndi malo, ndipo ikhale ya mu ofesi mwanu momwemo, yoti omvera anaiona ndi maso, makamaka ikambidwe ndi mmodzi wa iwo osati inu.

Pali chinanso chimene ndikupempha, poti ine sindinachite. Ofesi imene ikuphatikizidwayo ili ndi mbiri yake. Pali mjigo umene anakumbitsa, pali mudzi umene anafikako mlatho utaduka, pali mnzawo amene anamwalira ali pa ntchito. Kwathu kuno sitigwetsa nyumba ya malemu mwakachetechete, timaitana abale. Patulani tsiku, phikani nsima, aliyense anene chimene akukumbukira, ochoka ayambe ndiwo. Ena adzalira, ena adzakunenani pamaso. Khalani pomwepo mumve, osadziteteza, osathamangira kunena za tsogolo lowala. Akakhala chete n'kunena kuti "tamva, amayi," dziwani kuti simunathe, mubwererenso sabata yotsatira.

Ndikudziwa kuti inunso muli pakati, achemwali. Chigamulo si chanu, ndipo mwina inunso simukudziwa ngati mpando wanu utsala. Mukhoza kuwauza zimenezo. Musawanyoze akuluakulu anu pamaso pa antchito, koma musanamizirenso kuti mukusangalala. Ngati ku likulu akukuletsani kunena chiwerengero mpaka tsiku lina, auzeni antchito kuti pali zimene mwaletsedwa kunena mpaka tsiku lakutilakuti, ndipo muwachenjeze kuti asatenge ngongole zikuluzikulu mwezi uno. Mawu ochepa amenewo akanapulumutsa mlonda wanga.

Ndimakumana naye nthawi zina pa msika wa Lizulu, kumene amagulitsa kabichi ndi anyezi. Timapatsana moni, amandifunsa za ana. Chaka chatha ndinalimba mtima n'kumufunsa za nyumba ija. Anati ngongole anaibweza pogulitsa mbuzi zake zonse zitatu, ndipo malata aja anakwanira zipinda ziwiri. Chachitatu chikadali cha udzu.